Kompulesa yopopera matayala: dzimbiri la m'kati mwa thanki likhoza kupha

Mukadutsa m'mawa pa msewu wochokera mu mzinda wa Lilongwe kupita ku Mchinji, kuyambira pa Njewa, Mpingu, Msundwe mpaka ku Namitete, pali phokoso limodzi lomwe simungaliphonye: kompulesa ikudzaza mpweya. Mudzaipeza pakhonde pa omata ndi kupopa matayala, kwa owotcherera zitseko ndi mawindo omwe amapoperanso penti, komanso kwa amakaniko a njinga zamoto za kabaza. Ku Nsaru, ku Kabudula ndi ku Nambuma nakonso ndi chimodzimodzi. Pomwe pafika magetsi a ESCOM kapena jenereta, kompulesa siichedwa kufika.

Makinawa akudyetsa mabanja ambiri. Koma ali ndi mbali imodzi yomwe eni ake ambiri saiganizira, ndiyo thanki yosungira mpweya. Mota ikapsa, mwini wake amadziwa tsiku lomwelo chifukwa ntchito imaima. Thanki siichenjeza choncho. Imadyeka ndi dzimbiri kuchokera m'kati, monga momwe chiswe chimadyera mtanda wa denga, kunja penti ikuwala bwinobwino. Tsiku lomwe chitsulo chalephera kupirira, thanki imabooka kapena kuphulika, ndipo oyandikana nayo amakhala mwini wake, mnyamata wophunzira ntchito, kasitomala wodikira tayala lake, mwinanso ana omwe amakonda kudzaonerera.

Madzi amalowa bwanji m'thanki yotseka?

Ambiri amadabwa akaona madzi akutuluka m'thanki yomwe sinavumbwepo ndi mvula. Madziwo amalowa pamodzi ndi mpweya. Mpweya womwe timapumawu uli ndi chinyezi chosaoneka ndi maso. Ndi chinyezi chomwecho chomwe chimasanduka mame pa udzu m'mamawa, kapena timadontho kunja kwa botolo la chakumwa chozizira.

Ntchito ya kompulesa ndi kukoka mpweya wambiri n'kuupanikiza m'malo ochepa. Makompulesa ang'onoang'ono ambiri, a thanki ya malita 24, 50 kapena 100, amadzaza mpaka pulesha ya 8 bar, yomwe pa geji zina imaoneka ngati 116 psi. Pa pulesha imeneyi, m'thanki ya malita 50 mumakhala mpweya womwe kunja kuno ungadzaze malita 450. Mpweya umalola kupanikizika, koma sungasungenso chinyezi chonse chomwe unali nacho. Ukamazizira m'thanki, chinyezi chija chimasanduka madzi n'kutsikira pansi.

Tiyeni tiwerengere. M'nyengo ya mvula, tsiku lotentha madigiri 25 chinyezi chili pa 80 peresenti, mpweya wokwana malita 1,000 umakhala ndi madzi pafupifupi magalamu 18. Kompulesa yokoka malita 150 pa mphindi imodzi ikalira kwa ola lathunthu, imakhala itakoka malita 9,000, omwe ali ndi madzi oposa magalamu 160. Ambiri mwa madziwa amatsalira m'thanki ndi m'mapaipi. Ndi pafupifupi theka la kapu ya tiyi pa ola lililonse lomwe mota yalira. Ganizirani thanki yomwe yatha chaka osakhuthulidwa.

Madzi amachuluka kwambiri kuyambira mu Novembala mpaka mu Epulo, pomwe chinyezi chimakwera. Koma ndi mu Juni ndi Julayi momwe thanki siikhala youma, chifukwa kuzizira kwa usiku kumatsitsa chinyezi chomwe chinatsalira mu mpweya wa masana.

Dzimbiri limadya pati?

Kuti dzimbiri liyambe pamafunika zinthu zitatu: chitsulo, madzi ndi mpweya wa okosijeni. M'thanki ya kompulesa zonsezi zilimo, ndipo okosijeni ndi wochuluka kasanu ndi kanayi kuposa kunja chifukwa cha kupanikizika. Mathanki ambiri otsika mtengo amapentedwa kunja kokha. M'kati ndi chitsulo chosakutidwa ndi kalikonse.

Madzi amakhazikika pansi pa thanki, choncho dzimbiri limayambiranso pomwepo: m'mimba mwa thanki, mozungulira kampopi kotayira madzi, ndi m'mizere momwe anawotcherera kufakitale. Chitsulo cha mathanki ang'onoang'ono chimakhala chokhuthala mamilimita awiri kapena atatu okha, ngati mutasanjikiza makhadi a ATM atatu kapena anayi. Dzimbiri likadyako theka, chotsalacho chimayenera kunyamula katundu yense chokha.

Nthawi zina dzimbiri limaboola kadzenje kamodzi kakang'ono ngati ka singano, mpweya n'kuyamba kutuluka pang'onopang'ono. Mwini kompulesa wotereyu ndi wamwayi, chifukwa thanki yamuchenjeza. Nthawi zina dzimbiri limapepula chitsulo mzere wonse wa pansi. Apa thanki siidontha. Imang'ambika kamodzin'kamodzi ngati nsalu yakutha.

Mphamvu yake ndi yochuluka bwanji?

Pulesha ya 8 bar ikutanthauza kuti pa kachigawo kalikonse ka chitsulo ka sentimita imodzi m'litali ndi imodzi m'lifupi, mpweya ukukankha ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi asanu ndi atatu. Mutu wa thanki wa masentimita 30 kukula kwake umakankhidwa ndi mphamvu yoposa matani asanu. Ndi kulemera kwa matumba a chimanga a makilogalamu 50 oposa 100, onse atatsamira pa chitsulo chokula ngati chivundikiro cha ndowa. Poyerekeza, tayala la galimoto yaing'ono limapopedwa pa 2 bar kapena kupitirirapo pang'ono.

Choopsa cha mpweya wopanikizika ndi chakuti uli ngati sipuling'i yopindidwa. Ukapeza potulukira, umafufuma nthawi yomweyo kubwerera kukula kwake. Ngati thanki yang'ambikira pansi, mpweya umakankha pansi, kompulesa yonse n'kudumpha m'mwamba pamodzi ndi mota yake. Ikhoza kuboola malata, kugumula khoma la zidina kapena kuthyola miyendo ya munthu yemwe waima pafupi.

Anthu amavulala motani?

Choyamba ndi zidutswa za chitsulo. Zimauluka mwaliwiro ndipo zimacheka minofu, kuthyola mafupa, kapena kulowa m'mimba, m'chifuwa ndi m'mutu. Tizidutswa ta dzimbiri, mchenga ndi timiyala ta pansi timalowa m'maso, ndipo diso likabooka munthu akhoza kusaonanso.

Chachiwiri ndi kugunda kwa mpweya weniweniwo. Kachikopa ka m'kati mwa khutu kakhoza kung'ambika ndi kugunda kosafika ngakhale theka la bar. Wovulala amamva kuwawa ndi kulira m'khutu, samva bwino, ndipo nthawi zina m'khutu mumatuluka magazi. Mapapo ndi matumbo nazonso zikhoza kuvulala popanda bala lililonse kunja. Vuto la mapapo likhoza kuonekera patapita maola angapo, mwina mpaka masiku awiri.

Palinso kuvulala komwe sikudikira kuti thanki iphulike. Amisiri ambiri amadzipemerera fumbi m'zovala ndi m'tsitsi ndi paipi ya kompulesa akaweruka. Mpweya umenewu ukhoza kuponyera tizitsulo m'maso, kuwononga khutu, kapena kulowa m'mitsempha ya magazi kudzera pa bala. Ku United States, malamulo a chitetezo pa ntchito salola kuyeretsa zinthu ndi mpweya wofika 30 psi, yomwe ndi pafupifupi 2 bar. Kompulesa ya pakhonde imatulutsa kanayi kuposa pamenepo. Masewera olozetsa paipi kumatako kwa mnzako ndi oopsa koposa: mpweya umalowa ngakhale munthu atavala buluku, umang'amba matumbo, ndipo m'mayiko osiyanasiyana anthu afa nawo masewerawa.

Phokoso nalo limagonthetsa pang'onopang'ono. Akatswiri amati phokoso lopitirira madesibelo 85 kwa maola asanu ndi atatu patsiku limawononga makutu. Ngati mukuchita kukuwa kuti munthu yemwe ali pa mita imodzi akumveni, phokosolo lafika poopsa.

Mungadziwe bwanji kuti thanki yatha?

Poti dzimbiri lili m'kati, muyenera kulifunafuna. Yambani ndi madzi otuluka pa kampopi ka pansi. Madzi ofiirira pang'ono amatuluka m'mathanki ambiri. Koma ngati akutuluka ngati phala, muli makoko a dzimbiri, chitsulo chikusendeka m'kati. Ngati mwatsegula kampopi koma sipakutuluka kanthu, musaganize kuti thanki ndi youma. Kawirikawiri ndiye kuti dzimbiri latseka pakamwa pake.

Yang'anani kunsi kwa thanki ndi tochi. Penti yotupa ngati matuza, timadontho ta dzimbiri, kapena malo onyowa pomwe palibe cholumikizira, ndi zizindikiro zoti dzimbiri latulukira kunja. Pakani madzi a sopo. Thovu likamatuluka pa cholumikizira paipi, ndi nkhani yomanga bwino kapena kusintha tepi. Likamatuluka pa thupi la thanki kapena pa mzere wowotcherera, thankiyo yatha ntchito.

Mvetseraninso kalilidwe ka mota. Ngati ikudziyatsa pafupipafupi pomwe palibe akugwiritsa ntchito mpweya, penapake pakutuluka. Mukazimitsa kompulesa ndi kutulutsa mpweya wonse mpaka geji itafika pa ziro, igwedezeni. Mukamva ngati muli mchenga kapena timiyala, ndi makoko a dzimbiri amenewo. Mukhozanso kumasula chotsekera chachikulu n'kuunika m'kati ndi tochi, koma pokhapokha mwazula pulagi ku magetsi ndipo mwatsimikiza kuti mulibe mpweya.

Njira zotsimikizika ndi za akatswiri. Ina ndi kuyeza kukhuthala kwa chitsulo ndi kachipangizo kogwiritsa ntchito mafunde a phokoso. Ina ndi kudzaza thanki ndi madzi okhaokha n'kuikankha kupitirira pulesha yake ya masiku onse, kawirikawiri kamodzi ndi theka. Amasankha madzi chifukwa madzi sapanikizika. Thanki yofooka imangodontha, siiphulika. Musayesere thanki ndi mpweya powonjezera pulesha kuti muone ngati ipirire.

Bwanji osangowotcherera pobookapo?

Apa ndi pomwe amisiri ambiri amalakwitsa. Makina owotcherera ali pomwepo, thanki yatsopano ndi yodula, ndiye nzeru yachangu ndi kuika chigamba. Koma kabowo komwe mwakaona si vuto lonse. Ndi pomwe dzimbiri layambira kutulukira. Chitsulo chozungulira pamenepo, mwinanso mzere wonse wa pansi, chapepuka kale.

Moto wowotcherera umasinthanso chitsulo cha m'mbali mwa chigamba, n'kuchisiya chosachedwa kusweka. Choipa kwambiri n'chakuti mwatseka pakamwa pomwe thanki inkakuchenjezerani. Ulendo wotsatira siidzadontha, idzang'ambika. Kuwonjezera apo, m'thanki mumakhala mafuta otsalira a pampu omwe akhoza kuyaka mukamawotcherera. Guluu, phula kapena sukulu yokhala ndi mphira zilinso ndi vuto lomwelo.

Opanga makompulesa amalemba m'timabuku tawo kuti thanki yobooka isawotchereredwe, koma isinthidwe. Mota ndi pampu mukhoza kuzisamutsira pa thanki ina yabwino. Yakaleyo iboolereni dzenje lalikulu musanaigulitse kwa ogula zitsulo zakutha, kuti wina asakaipente n'kuigulitsanso ngati yabwino.

Nanga makompulesa akale ndi opanga tokha?

Ambiri amagula kompulesa yogwirapo kale ntchito, ina yochokera kunja kwa dziko, ina kwa mmisiri mnzawo. Penti yatsopano siikuuzani zaka za thanki. Funani kachitsulo kapena chizindikiro chomwe opanga amamata pa thanki, cholembedwa chaka chomwe inapangidwa, kukula kwake ndi pulesha yomwe siyenera kupitirira. Pemphani wogulitsa atsegule kampopi ka pansi inu mukuona. Akakana, kapena mukaona chigamba kunsi, isiyeni.

Palinso amisiri aluso omwe amapanga okha kompulesa pogwiritsa ntchito mota ya firiji yakufa ndi silinda ya gasi, chozimitsira moto chakale kapena thanki ya mabuleki a lole. Luso lilipo, koma makina oterewa nthawi zambiri amasowa zinthu zitatu zoteteza moyo. Choyamba ndi switchi yomwe imazimitsa mota yokha pulesha ikakwana. Chachiwiri ndi valavu yachitetezo, yomwe imatsegula yokha n'kutaya mpweya switchi ikalephera. Chachitatu ndi kampopi kotayira madzi pansi penipeni. Mota ya firiji imaoneka yaing'ono, koma ikhoza kukankha pulesha yoposa kwambiri 8 bar ngati palibe choiimitsa. Kudalira kuti muzimitsa nokha mukaona geji n'kuika moyo pachiswe, chifukwa kasitomala mmodzi akhoza kukuiwalitsani. Ndipo kuboola kapena kuwotcherera silinda yomwe munali gasi wophikira ndi ngozi ina payokha, chifukwa gasi wotsalira amaphulika.

Mapaipi a pulasitiki a madzi, a PVC, asagwiritsidwe ntchito poyendetsa mpweya. Akasweka amauluka ngati magalasi.

Zoyenera kuchita tsiku ndi tsiku

Khuthulani thanki tsiku lililonse mukaweruka. Zimitsani kompulesa, tulutsani mpweya mpaka utsale wochepa, kenaka tsegulani kampopi ka pansi pang'onopang'ono, nkhope yanu ili kumbali. Pendeketsani thanki kuti madzi onse atsikire pa kampopi. Ntchito imeneyi siitenga mphindi ziwiri, ndipo siifuna ndalama.

Musasiye thanki yodzaza usiku wonse pofuna kupulumutsa mayunitsi kapena poopa kuti m'mawa magetsi adzakhala atazima. Mpweya womwe mukusungawo ukusunganso madzi, ndipo ngati kompulesa imagona m'nyumba momwe mukugona anthu, mwasunga ngozi pafupi ndi ana anu.

Yesani valavu yachitetezo pafupipafupi pokoka kamphete kake thanki ili ndi mpweya. Iyenera kutulutsa mpweya mwamphamvu n'kudzitsekanso mukaisiya. Ikamatuluka yokha, musaimange ndi waya kapena kuitseka ndi bawuti. Ikukuuzani kuti switchi yafa kapena valavuyo yatha, ndipo zonsezi n'zosinthika. Musapotoze switchi kuti thanki izidzaza kupitirira malire ake. Geji yosweka isintheni.

Ikani kompulesa pamalo ouma, pa simenti kapena pa matabwa, osati pa dothi lonyowa. Ikhale kuseri kwa khoma, kutali ndi benchi ya makasitomala ndi njira ya anthu. Valani magalasi oteteza maso ndi zotseka m'makutu. Aphunzitseninso anyamata anu zonsezi, chifukwa ndi iwo amakhala pafupi ndi makinawa tsiku lonse.

Lamulo likuti chiyani?

Dziko lino lili ndi lamulo la chitetezo ndi umoyo wa anthu pa ntchito, la Occupational Safety, Health and Welfare Act la chaka cha 1997. Lamuloli limapereka udindo kwa olemba ntchito woonetsetsa kuti makina ndi malo ogwirira ntchito ndi otetezeka. Nthambi yoona za chitetezo pa ntchito mu unduna wa zantchito ndi yomwe imayendera malo antchito ndi kuyeza zida zosunga pulesha, monga mabayila ndi mathanki a mpweya. Ngati muli ndi galaja kapena shopu ya matayala ndipo mwalemba anthu, funsani ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu za kayezedwe ka thanki yanu. Wantchito wovulala ali pa ntchito alinso ndi ufulu wolandira chipepeso motsatira lamulo la Workers' Compensation Act.

Ngozi ikachitika

Zimitsani magetsi kaye musanakhudze makina kapena wovulala. Pa bala lotuluka magazi, panikizani mwamphamvu ndi chitenje kapena nsalu yoyera ndipo musasiye mpaka kuchipatala. Chitsulo chikalowa m'thupi, musachizule. Chikhoza kukhala kuti ndicho chatseka mtsempha. Ikani nsalu m'mbali mwake kuti chisagwedezeke.

Diso lovulala musalitikite, musalipanikize, ndipo musathiremo mankhwala achikuda, mkaka kapena shuga. Liphimbeni ndi chinthu chosakhudza diso, monga kapu ya pulasitiki yodula. M'khutu musathire mafuta kapena madzi. Ngati wovulala akudandaula khosi kapena msana, munyamuleni atagona chowongoka pa thabwa kapena chitseko, osati pa njinga yamoto. Musamupatse chakudya kapena chakumwa, chifukwa mwina afunika opaleshoni.

Aliyense yemwe anali pafupi apite kuchipatala ngakhale akuoneka bwino. Kubanika, kutsokomola magazi, kupweteka m'mimba, kusanza, chizungulire kapena kusokonekera mutu ndi zizindikiro zofuna kuthamanga nazo. Anthu a ku Namitete ali ndi chipatala cha St Gabriel, a ku Kabudula ndi madera ozungulira ali ndi chipatala cha Kabudula, pomwe ovulala kwambiri amatumizidwa ku Kamuzu Central mu mzinda wa Lilongwe, komwe kulinso madokotala a mafupa ndi a maso.

Musaiwale kufunsa za katemera wa kafumbata. Si dzimbiri lenilenilo lomwe limayambitsa matendawa, koma tizilombo topezeka m'dothi ndi m'ndowe tomwe timalowa pa bala lakuya. Amayi ambiri amalandira katemerayu ku sikelo ya amayi oyembekezera, pomwe abambo ambiri anamulandira komaliza ali makanda. Ngati bala ndi lakuya kapena lakuda ndipo padutsa zaka zoposa zisanu chilandirireni katemerayu, auzeni achipatala.

Akulu amati tsoka silinunkha. Koma thanki ya kompulesa imaonetsa zizindikiro kwa yemwe akuzifuna: madzi a makoko, penti yotupa, kaphokoso ka mpweya kunsi. Madzulo ano musanatseke shopu, gwadani, tsegulani kampopi ka pansi, muone zomwe zituluke.